Phunziro 17: Intaneti Imodzi, Makomo Ambiri

Tiwerenge mokweza

Rauta ili pa zenera.
Rauta imagawa intaneti.
Makomo anayi agwirizana.
Aliyense apereka gawo lake.

ra-u-ta: ra re ri ro ru
ga-wa: ga ge gi go gu
pa-nga-no: nga nge ngi ngo ngu

1. Tikuphunziriranji zimenezi?

Amayi ndi abambo, intaneti yalowa m'ntchito zathu za tsiku ndi tsiku kuno ku Milange. Mlimi amafuna kudziwa mtengo wa nandolo asanakweze thumba pa njinga. Nandolo wathu wambiri amadzera pa doko la Nacala kupita ku India, motero mtengo wa kutaliko umafika mpaka pa sikelo ya m'mudzi mwathu. Mwana wa ku sekondale amafuna mabuku ndi mafunso a mayeso akale. Mphunzitsi ndi namwino amatumiza malipoti awo pa kompyuta. Agogo amafuna kuona nkhope ya mdzukulu amene ali ku Nampula, ku Blantyre kapena ku Johannesburg.

Koma intaneti ndi ya ndalama. Pa makomo ambiri aliyense amagula kaphukusi kake ka tsiku limodzi. Bambo agula kawo, mayi agula kawo, mwana agula kake. Tonse tikudziwa kuti mafuta ophikira ogula m'timapepala amadula kuposa ogula m'botolo. Intaneti nayo ndi chimodzimodzi. Kawirikawiri phukusi lalikulu la mwezi limatsika mtengo pa giga iliyonse kusiyana ndi timaphukusi ta tsiku.

Nchifukwa chake tiphunzira kugawana intaneti imodzi pa makompyuta ndi mafoni angapo. Tiona m'mene intaneti imafikira kwathu, m'mene imagawidwira, chimene chimaimaliza msanga, ndi m'mene tingagawanire popanda kudana.

2. Intaneti imadzera kuti?

Ena amaganiza kuti intaneti imangogwa kuchokera kumwamba ngati mvula. Sichoncho. Mbali yaikulu ya ulendo wake imayenda m'zingwe. M'kati mwa zingwezo muli ulusi wa galasi woonda ngati tsitsi, ndipo mauthenga amayenda m'menemo ngati kuwala.

Zingwe zazikulu zinayalidwa pansi pa nyanja ya mchere. Chingwe cha SEACOM chinafika ku Maputo mu 2009. Cha EASSy chinafika mu 2010. Cha 2Africa chinatulukira ku Nacala mu 2023. Kuchokera ku gombe, zingwe zina zimatsata misewu kulowa m'kati mwa dziko mpaka pa nsanja za mafoni, zimene timati antena. Kuchokera pa antena kufika pa khomo pathu, uthenga umayenda m'mlengalenga monga amayendera mau a wailesi.

M'dziko lathu muli makampani atatu a mafoni. Mcel inayamba mu 1997, ndipo pambuyo pake inaphatikizana ndi TDM nkukhala Tmcel. Nambala zake zimayamba ndi 82 kapena 83. Vodacom inayamba mu 2003, nambala zake ndi 84 kapena 85. Movitel inayamba mu 2012, nambala zake ndi 86 kapena 87. Kuyambira 2023 kulinso Starlink, imene imatenga intaneti ku masetilaiti pogwiritsa ntchito mbale yoika padenga kapena pabwalo. Bungwe la boma loyang'anira onsewa ndi INCM.

Kumidzi kwathu chingwe sichifika pa khomo lililonse. Njira imene ambiri tingaikwanitse ndi ya simu ya foni ndi antena imene ili pafupi nafe.

3. Rauta nchiyani?

Rauta ndi kabokosi ka magetsi. Pa Chipwitikizi amati roteador. Ntchito yake ndi kulandira intaneti pa khomo limodzi ndi kuigawira makina ambiri. Pali rauta yolowetsamo simu, pali yolandira chingwe cha kampani, palinso yobwera ndi mbale ya setilaiti. Zonse zimagawa mofanana.

Kodi rauta imadziwa bwanji kuti uthenga uwu ndi wa uje? Tiganizire za adilesi ya sukulu kapena ya tchalitchi imene mudzi wonse umalandirirapo makalata. Anthu a kutali amadziwa adilesi imodzi yokhayo. Makalata akafika, mlembi amaona dzina nkupereka kalata iliyonse kwa mwini wake. Rauta ndiye mlembiyo. Kunja imadziwika ndi adilesi imodzi. M'kati imapatsa kompyuta iliyonse ndi foni iliyonse nambala yakeyake, ndipo imakumbukira amene anafunsa chakuti. Motero yankho la mwana amene akufuna buku silipita pa foni ya bambo amene akufunsa mtengo wa soya.

4. Njira zitatu zogawira

*Njira yoyamba ndi ya chingwe.* Kumbuyo kwa rauta kumakhala timabowo. Rauta zambiri za m'nyumba zili ndi timabowo tinayi, zina tiwiri kapena kamodzi. Timalowetsa chingwe cha netiweki pa kabowo kamodzi, mbali inayo pa kompyuta. Njira iyi ndi yokhazikika kuposa zonse, ndipo khoma siliisokoneza. Chingwe chimodzi chisapitirire mamita 100, chifukwa chikapitirira uthenga umafooka.

*Njira yachiwiri ndi ya Wi-Fi.* Apa palibe chingwe. Rauta imaulutsa dzina lake m'mlengalenga. Pa kompyuta kapena pa foni timasankha dzinalo, nkulemba mau achinsinsi, amene pa Chipwitikizi amati senha. Tikalemba kamodzi, makinawo amakumbukira. Wi-Fi sipita kutali. Imakwana nyumba ndi bwalo lake, mwinanso khomo loyandikana. Ikadutsa makoma awiri kapena atatu a njerwa imayamba kufooka.

*Njira yachitatu ndi ya foni.* Foni ya masiku ano ingagwire ntchito ya rauta yaing'ono. Timatsegula pamene palembedwa hotspot, kapena ponto de acesso ngati foni ili m'Chipwitikizi. Mafoni ambiri amalola makina osapitirira 10. Njira iyi sifuna kugula chida china, koma ili ndi zobvuta zake. Batire limatha msanga, foni imatentha, ndipo mwini foni akapita kumunda intaneti imapita naye limodzi.

Nanga tisankhe iti? Ngati ndife anthu awiri kapena atatu, ndipo tikufuna intaneti kwa ola limodzi madzulo, foni ikwanira. Ngati pali makompyuta awiri kapena kuposa, ogwira ntchito tsiku lonse, tigule rauta. Kompyuta ya pa tebulo imene sichoka pamalo pake tiilumikize ndi chingwe, kuti Wi-Fi itsalire mafoni ndi makompyuta onyamula.

5. Tiike pati rauta?

Rauta ya simu ili ndi ntchito ziwiri. Iyenera kumva antena, iyeneranso kumvedwa ndi makina athu. Malo oipa amaononga zonse ziwiri.

Tiike rauta pamwamba, osati pansi. Tiike pafupi ndi zenera loyang'ana kumene kuli antena. Kwathu kuno ndi kwa mapiri. Phiri la Tumbine ndi zitunda zina zimatchinga uthenga, kotero kuti nyumba ziwiri za m'mudzi umodzi zingalandire mosiyana. Tisanakhome msomali, tiyende ndi rauta kapena ndi foni m'zipinda zonse ndi pakhonde, tikuyang'ana timizere tosonyeza mphamvu ya netiweki. Pamene timizere tachuluka ndi pomwepo.

Chitsulo chimatchinga uthenga. Tisaike rauta m'bokosi la malata, kuseri kwa mgolo, kapena kuigunditsa ku denga la malata. Tisaiike m'khitchini, chifukwa utsi ndi kutentha zimaiononga. Tisaibvundikire ndi nsalu poopa fumbi, pakuti imafuna mpweya. Madzi a mvula asaifikire.

Ngati makomo angapo akugawana, rauta ikhale m'nyumba ya pakati, pa zenera loyang'ana makomo enawo.

6. Nkhokwe ndi mlatho

Pali miyeso iwiri imene anthu amaisokoneza. Kuisokoneza ndiko kumayambitsa mikangano yambiri.

Muyeso woyamba ndi kuchuluka. Tikagula phukusi, limene kuno timati pakote ndipo anzathu a ku Muloza amati bandulo, timakhala ngati tadzaza nkhokwe. Muyeso wake ndi mega ndi giga. Giga imodzi ndi mamega pafupifupi 1000. Aliyense amene walumikizidwa amatapa m'nkhokwe yomweyo. Rauta sichulukitsa chimanga. Ngati tagula magiga 20 ndipo tilipo anthu asanu, si kuti aliyense ali ndi 20. Tonse pamodzi tili ndi 20, ndipo munthu mmodzi angathe kumaliza onsewo yekha enafe tili m'tulo.

Muyeso wachiwiri ndi liwiro. Pa pepala la kampani amalemba Mbps. Tiganizire njinga za chimanga pa mlatho wopapatiza. Njinga ikakhala imodzi imaoloka msanga. Zikafika khumi nthawi imodzi, zonse zimayenda pang'onopang'ono, ngakhale chimanga chilipo chambiri. Ngati liwiro lathu ndi 10 ndipo makina asanu akukoka mofanana nthawi imodzi, aliyense apeza 2. Wina akamakoka filimu yaikulu, amakhala ngati ngolo imene yaima pakati pa mlatho.

Tidziwenso kuti antena nayo ndi yogawana. Madzulo anthu a m'dera lonse amakhala pa mafoni, ndipo liwiro limatsika kwa aliyense. Pamenepo tisakalipire mwana kapena mnansi. Ntchito zolemera, monga kutsitsa mabuku akuluakulu, tizichite m'mamawa kapena usiku kwambiri.

Motero intaneti ikaima, tifunse kaye: kodi nkhokwe yatha, kapena mlatho wadzaza? Mankhwala ake ndi osiyana.

7. Chimamaliza mamega nchiyani?

Si ntchito zonse zimadya mofanana.

Uthenga wolemba umadya pang'ono kwambiri. Mega imodzi ingatumize mauthenga mazanamazana.
Kulankhula pa WhatsApp popanda kuonana sikufika mega imodzi pa mphindi.
Chithunzi chimodzi chojambula ndi foni chingafike mamega 3 kapena kuposa.
Vidiyo ndiye nankafumbwe wa nkhokwe yathu. Ola limodzi lingadye mamega 300 ngati zithunzi zili zosawala kwenikweni, ndipo lingapitirire giga imodzi ngati zili zowala kwambiri.

Palinso kudya kobisika. Kompyuta ndi foni zimadzikonza zokha. Zikaona Wi-Fi zimayesa kuti intaneti ndi yaulere, nkuyamba kutsitsa mapulogalamu atsopano popanda kufunsa. Kompyuta imodzi ya Windows ingatsitse magiga angapo usiku umodzi. Kukacha anthu amalozana zala, pamene palibe amene anaba.

Tichite izi pa makina onse olumikizidwa:

1. Tiuze kompyuta ndi foni kuti Wi-Fi yathu ndi yoyezedwa. M'malo osinthira za Wi-Fi muli posankha zimenezi.
2. Pa WhatsApp tiletse kutsitsa zithunzi ndi mavidiyo kokhakokha. Tizisankha tokha chimene tikufuna kuona.
3. Pa Facebook tiletse mavidiyo kuyamba okha.
4. Pa YouTube tisankhe nambala yaing'ono, monga 240 kapena 360. Phunziro la ulimi limamveka bwinobwino pa nambala imeneyi.
5. Ngati anthu angapo akufuna buku limodzi kapena vidiyo imodzi, mmodzi atsitse, enawo akopere pa fulashi kapena pa memori khadi. Kutsitsa chinthu chimodzi kanayi ndi kulipira kanayi.

8. Chitseko ndi kiyi

Wi-Fi siona mpanda. Imatuluka mpaka pa msewu. Rauta yopanda mau achinsinsi ili ngati nkhokwe yopanda chitseko pa mphambano.

Pansi pa rauta pamakhala kapepala. Pamenepo palembedwa dzina la Wi-Fi, mau achinsinsi a ku fakitale, ndi adilesi ya rautayo, monga 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Tikalemba nambala imeneyi pa kompyuta yolumikizidwa, pamene timalemba maadilesi a intaneti, timalowa m'chipinda choyendetsera rauta.

Makiyi ndi awiri. Kiyi woyamba ndi wa Wi-Fi, amene timapatsa onse a m'pangano. Kiyi wachiwiri ndi wa chipinda choyendetsera, amene amasunga munthu mmodzi kapena awiri osankhidwa. Onse awiri tiwasinthe tsiku loyamba. Wa ku fakitale aliyense wogwira rauta angamuwerenge, ndipo wa chipinda choyendetsera nthawi zambiri amakhala mau amodzi omwewo pa rauta zambiri.

Posankha mtundu wa loko, tisankhe WPA2 kapena WPA3. Mau achinsinsi sangachepere zilembo 8, koma ife tikulangiza 12 kapena kuposa. Tisagwiritse ntchito 12345678, dzina la mwana, dzina la mudzi, chaka chobadwa kapena nambala ya foni. Njira yabwino ndi kulumikiza mau atatu kapena anayi osagwirizana, nkuikapo manambala pakati. Tiwalembe m'kope, kope tisunge pamene timasunga makadi a kuchipatala.

M'chipinda choyendetsera muli mndandanda wa makina onse amene alumikizidwa. Tiziwerenga sabata iliyonse. Ngati pa pangano pali makina 7 koma pa mndandanda pali 11, ndiye kuti kiyi watuluka. Tisayambe kufufuza mfiti. Tingosintha mau achinsinsi, nkupatsanso eni ake okha. Tidziwe kuti foni imene ili kale m'kati ingathe kuonetsa kiyiyo kwa foni ina, choncho nkhani imeneyi tiikambirane ndi achinyamata poyera. Rauta zambiri zili ndi khomo lachiwiri la alendo. Mlendo akabwera timupatse limenelo, akapita titseke.

Pali chinthu china chachikulu. Simu iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha munthu, monga BI. Zonse zochitika pa intaneti ya rautayo zimaoneka ngati zachokera kwa mwini simu. Wina akaigwiritsa ntchito kubera anthu kapena kuopseza mnzake, woyamba kufunsidwa ndi amene dzina lake lili pa simu. Nchifukwa chake kiyi sitipatsa munthu wosamudziwa.

Kiyi wa Wi-Fi ndi wogawana, koma nambala yachinsinsi ya M-Pesa, e-Mola kapena mKesh si yogawana ndi munthu aliyense. Wina akatiimbira kapena kutilembera kuti ndi wa ku kampani ndipo akufuna nambalayo, ameneyo ndi mbala. Pa kompyuta imene timagwiritsa ntchito anthu angapo, aliyense akamaliza atuluke mu akaunti yake. Kutseka chibvundikiro cha kompyuta si kutuluka.

9. Ife a m'malire

Ife tili ndi bvuto limene a ku Mocuba ndi ku Quelimane alibe. Uthenga wa antena sudziwa malire. M'midzi yoyandikana ndi Muloza, foni imatha kusiya antena ya kwathu nkugwira ya Airtel kapena TNM za ku Malawi. Simu ya ku Mozambique ikamayenda pa antena ya dziko lina, kampani imawerengera mtengo wa mlendo, umene amati roaming. Mtengowo ndi wokwera, ndipo phukusi lathu la masiku onse kawirikawiri siligwira ntchito kumeneko. Ndalama za mu simu zimatha mwini wake asanaoloke ngakhale mtsinje.

Mankhwala ake ndi awiri. Pa rauta ndi pa foni tizimitse roaming ya intaneti. Ndipo pamene palembedwa zosankha netiweki, tisalole makina kusankha okha. Tisankhe ndi dzanja dzina la kampani yathu.

Ambiri a ife timayenda ndi masimu awiri monga timayendera ndi meticais ndi makwacha. Posankha simu ya mu rauta, tisatengere mtengo wokha. Tiyese iliyonse pa khomo pathu, m'mawa ndi madzulo, ndi kaphukusi kakang'ono. Phukusi lotchipa la antena imene sifika kwathu ndi ndalama yotaya. Pogula rauta tifunsenso ngati imalandira simu ya kampani iliyonse, chifukwa zina zinatsekeredwa ku kampani imodzi.

10. Magetsi ndi mphezi

Rauta sidya magetsi ambiri. Zambiri zimadya mawati pafupifupi 10, ngati babu limodzi la masiku ano. Rauta ya mawati 10 ikayaka usana ndi usiku kwa masiku 30 imamaliza mayunitsi 7 ndi pang'ono pa Credelec. Kumene magetsi a EDM sanafike, sola ndi batire zingaiyendetse. Rauta zambiri zimafuna mavoti 12, koma tiwerenge kaye kapepala kake tisanalumikize, chifukwa zina zimafuna 9 kapena 5. Mbale ya setilaiti imadya magetsi kangapo kuposa rauta ya simu, motero imafuna sola yokulirapo.

M'nyengo ya dzinja mphezi ndi zambiri m'mapiri muno. Kukayamba kugunda, tizule rauta ndi makompyuta ku magetsi, tizulenso zingwe za netiweki. Chingwe choyenda panja kuchokera nyumba ina kupita ina chingatenge mphamvu ya mphezi nkuotcha makina a mbali zonse ziwiri.

Tikumbukirenso mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe Freddy anagwetsa mitengo ya magetsi ndi kudula mauthenga m'madera ambiri a Zambezia ndi kum'mwera kwa Malawi. Intaneti imatha kusowa pa tsiku limene tikuifunitsitsa. Nambala za abale ndi za kuchipatala zikhalenso m'kope, ndipo wailesi ikhale ndi mabatire.

11. Pangano

Mutu umodzi susenza denga. Koma tonse taonapo mjigo umene unafa chifukwa aliyense ankatunga ndipo panalibe wosonkha ya sipeya. Rauta yogawana imafa imfa yomweyo. Mwezi woyamba onse amapereka mokondwa. Mwezi wachitatu wina akuti sanagulitse soya, wina akuti ana a mnzake ndiwo amamaliza. Mwini simu amalipira yekha kawiri, kenaka amasintha kiyi mwakachetechete, ndipo makomo amene ankabwerekana moto amasiya kupatsana moni.

Tisanagule chilichonse, tikhale pansi tilembe pangano. Tsopano tikudziwa kulemba, choncho tisadalire pakamwa. Pangano liyankhe mafunso awa:

1. Rauta ndi ya yani? Ngati tasonkherana, wotuluka m'gulu adzabwezeredwa zingati?
2. Simu ili m'dzina la yani?
3. Khomo lililonse lili ndi makina angati?
4. Aliyense apereka zingati, pa tsiku liti? Tsikulo likhale phukusi lisanathe.
5. Wochedwa kupereka timudikira masiku angati?
6. Ndani asunge kope la ndalama, ndani asunge kiyi wa chipinda choyendetsera? Asakhale munthu mmodzi.
7. Ndi maola ati a sukulu ndi ntchito, pamene mafilimu saloledwa?
8. Ana aang'ono azigwiritsa ntchito nthawi yanji, pamaso pa yani?
9. Phukusi likatha mwezi usanathe, tichita chiyani?
10. Magetsi a rauta alipira ndani?

Posankha osunga kope ndi kiyi, amayi asasiyidwe kumbuyo. M'magulu osunga ndalama taona kale kuti amayi amasunga bwino kope. Pasakhale khomo limene mayi amapereka ndalama ya mandasi koma kiyi akuudziwa ndi bambo ndi anyamata okha.

Tiwerengenso pangano la kampani, kapena tipemphe wogulitsa atiwerengere. Maphukusi ena a m'nyumba amaloledwa pa khomo limodzi lokha, ndipo kampani ingatseke simu ikaona kuti akugulitsidwa. Kusonkherana pa banja ndi kwina, kutsegula bizinesi yogulitsa intaneti kwa anthu ndi kwinanso. Bizinesi yotere imafuna chilolezo cha INCM. Safunsa anadya phula.

12. Intaneti ikaima

Tisathamangire kwa amisiri. Tiyambe ndi izi, mwa ndondomeko yake:

1. Kodi magetsi a pa rauta akuyaka? Ngati ayi, tione pulagi kapena batire.
2. Kodi yaima pa makina onse kapena pa amodzi? Ngati ndi pa amodzi, bvuto lili pa makinawo. Tiwayandikize kwa rauta, tizimitse Wi-Fi yake nkuyatsanso.
3. Ngati ndi pa onse, tione ngati phukusi latha kapena masiku ake akwana.
4. Tizimitse rauta, tiwerenge mpaka 30, tiyatsenso, tidikire mphindi ziwiri.
5. Tifunse mnansi wa kampani yomweyo. Ngati nayenso alibe, bvuto lili pa antena, ndipo tingodikira.

Kumbuyo kwa rauta kuli kabowo kakang'ono kolembedwa reset. Tisakatose ndi singano mwachisawawa. Kamafufuta zonse zimene tinasintha nkubwezera makiyi a ku fakitale.

Mau atsopano

*Rauta:* kabokosi kogawa intaneti imodzi ku makina ambiri.
*Wi-Fi:* njira yolumikizira makina ku rauta popanda chingwe.
*Mega ndi giga:* miyeso ya kuchuluka kwa intaneti.
*Mbps:* muyeso wa liwiro la intaneti.
*Roaming:* kugwiritsa ntchito simu pa antena ya dziko lina.

Tiwerengere

Manambala awa ndi ongophunzirira masamu. Mtengo weniweni tikafunse kwa wogulitsa.

Tiyerekeze kuti phukusi la mwezi ndi 1500 MT. Makomo anayi agwirizana kuti foni ndi gawo limodzi, kompyuta ndi magawo awiri.

Khomo loyamba: kompyuta 1 ndi mafoni 2. Magawo 4.
Khomo lachiwiri: mafoni 2. Magawo 2.
Khomo lachitatu: kompyuta 1 ndi foni 1. Magawo 3.
Khomo lachinayi: foni 1. Gawo 1.

Magawo onse: 4 + 2 + 3 + 1 = 10.
Gawo limodzi: 1500 ÷ 10 = 150 MT.
Khomo loyamba lipereka 4 × 150 = 600 MT.

(a) Makomo atatu otsalawo apereka zingati lililonse? Tiphatikize zonse tione ngati zikukwana 1500.
(b) Akanagawa mofanana pa makomo anayi, lililonse likanapereka zingati? Ndi makomo ati akanapindula, ndi ati akanaluza?
(c) Phukusilo lili ndi magiga 60 a masiku 30. Gulu lonse lingadye magiga angati pa tsiku?
(d) Pofika tsiku la 10, magiga 30 atha. Pa masiku otsalawo angadye angati pa tsiku kuti afike kumapeto kwa mwezi?

Tiyankhe

1. Rauta imagwira ntchito yanji?
2. Tchulani njira zitatu zogawira intaneti.
3. Kodi nkhokwe ikuimira chiyani, nanga mlatho ukuimira chiyani?
4. Nchifukwa chiyani mamega amatha usiku pamene aliyense anali m'tulo?
5. Makiyi awiri a rauta amasiyana bwanji?
6. Ndi zinthu ziwiri ziti zimene ife a m'malire tiyenera kusintha pa rauta ndi pa foni?

Tikambirane

Mayi wamasiye wa khomo lachinayi walephera kupereka gawo lake mwezi uno, ndipo mwana wake akukonzekera mayeso. Pangano likuti wosapereka achotsedwe pakatha masiku asanu. Gulu lichite chiyani? Kodi pangano likanalembedwa motani kuti nkhani yotere ikhale ndi yankho isanachitike?

Tilembe

Tikhale m'magulu a anthu anayi. Gulu lililonse lilembe m'kope pangano lake, poyankha mafunso khumi a m'ndime 11. Aliyense alembe dzina lake pansi ndi dzanja lake. Tikadzakumananso, gulu lililonse lidzawerenga pangano lake mokweza, ndipo enafe tidzafunsa mafunso.